Masatifiketi a Cisco, Juniper, Huawei ndi MikroTik: kodi ndalama zake zimabwerera? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndimafunsidwa kawirikawiri ndi achinyamata amene angomaliza dipuloma ya ICT, komanso ndi anzanga amene agwira ntchito ya manetiweki zaka zingapo ndipo akuona kuti aima pamodzimodzi. Onse amathera pa ndalama. Mayeso amenewa amalipiridwa m'madola, pamene ambiri a ife timalandira makwacha. Maganizo anga ndinenereretu: satifiketi yoyamba ndi yoyenera kudzilipirira nokha, koma zikuluzikulu zotsatira ziyenera kulipiridwa ndi ntchito imene ikuzifuna.

Kodi masatifiketi amenewa ndi otani, ndipo akusiyana bwanji ndi dipuloma?

Dipuloma kapena digiri imachokera ku sukulu, ndipo mukailandira ndi yanu mpaka kalekale. Masatifiketi tikunenawa amachokera kwa makampani amene amapanga zida zenizenizo: marauta, ma switch, ma firewall. Kampaniyo imakonza mayeso ake, imakuyesani, ndipo mukakhoza imachitira umboni kuti mumatha kugwiritsa ntchito zida zake. Cisco ili ndi CCNA, CCNP ndi CCIE, kuyambira mlingo wa pansi mpaka wapamwamba. Juniper ili ndi JNCIA mpaka JNCIE. Huawei ili ndi HCIA, HCIP ndi HCIE. MikroTik, kampani ya ku Riga m'dziko la Latvia, imayambira pa MTCNA. Palinso Network+ ya CompTIA, imene siimira kampani iliyonse ya zida.

Muzikumbukira kuti amene akukuyesaniyo alinso pa malonda. Injiniya aliyense amene wazolowera malamulo a Cisco IOS, pulogalamu yoyendetsa zida za Cisco, adzalimbikitsa abwana ake kugula Cisco. Si chinyengo ayi, koma ndi bwino kudziwa kuti mukulipira wogulitsa katundu kuti akuphunzitseni katundu wake.

Zimadya ndalama zingati?

Mayeso a CCNA, amene nambala yake ndi 200-301, ndi madola 300. Kuti mupeze CCNP Enterprise mumalemba mayeso awiri: ENCOR ya madola 400 ndi ena osankha, monga ENARSI, a madola 300. Labu ya CCIE, kutanthauza mayeso ochita ndi manja pa zida, ndi madola 1,600 ulendo umodzi wokha. JNCIA ndi HCIA zimayendera madola 200. Mukalephera, ndalamazo zapita, mukabwereranso mulipiranso zonse.

Kwa amene ali ku London kapena ku Johannesburg, madola 300 ndi ndalama yoti akhoza kuisunga m'miyezi iwiri. Kuno kumudzi nkhani ndi ina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023. Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, CCNA yokha yadutsa kale K500,000, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha kunja ndi khadi la banki akudziwa kuti madolawo sapezeka nthawi zonse. Ena amachita kupempha wachibale wa ku South Africa kapena ku Britain kuti awagulire voucher (tikiti yolipirira mayeso), iwo n'kubweza makwacha kwa abale ake kuno. Choncho munthu wa kuno akafunsa ngati CCNA ndi yoyenera, akufunsa za malipiro a mwezi wathunthu kapena iwiri, nthawi zina za fizi ya mwana.

Ndiye CCNA ndi yoyenera ndalama zimenezo?

Kwa amene akuyamba, inde. Ndikunena mosakayika.

Chifukwa choyamba ndi chakuti zimene zili mu CCNA si za Cisco yokha. Kuyambira pa 24 February 2020, pamene Cisco inaphatikiza ma CCNA ake onse kukhala amodzi, mayesowa amayesa maziko: subnetting ya IPv4 ndi IPv6, ma VLAN ndi ma trunk, spanning tree (imene imateteza netiweki ku mawaya olumikizidwa mozungulira), OSPF, NAT, DHCP, ma access list, Wi-Fi, ndi pang'ono za automation. Gawo lalikulu kuposa onse, 25 pa 100, ndi la mmene rauta imasankhira njira yotumizira ma packet. Zinthu zimenezi zimagwira ntchito chimodzimodzi pa Huawei, pa Juniper ndi pa MikroTik. Malamulo olemba ndi amene amasintha, nzeru yake ndi yomweyo.

Chachiwiri ndi chakuti imakukakamizani kuphunzira zimene mukanazizemba. Munthu wophunzira pa ntchito amadziwa zokhazo zimene zinamuvutapo. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata waluso kwambiri pokoka mawaya ndi kumanga ma access point, koma spanning tree sanaimvepo. Tsiku lina pa ofesi ina, wogwira ntchito wina anaona waya ukulendewera pansi pa desiki n'kuulowetsa m'bowo la pakhoma, osadziwa kuti mbali inayo inali kale m'bowo lina la switch yomweyo. Pa switch imeneyo spanning tree inali yozimitsidwa. M'mphindi zochepa timagetsi tonse ta pa switch tinayamba kuphethira pamodzi mofulumira, mafoni a pa desiki anafa, makina olandirira ndalama anaima, anthu ali pamzere. Mnzangayo anazimitsa ndi kuyatsa rauta katatu, akuimbira foni kampani ya intaneti, pamene vuto linali mkati mwa nyumba momwemo. Amene anawerengapo za broadcast storm, pamene ma packet amangozungulira mpaka netiweki kudzaza, akaona timagetsi tikuphethira choncho amadziwiratu kuti pali waya wozungulira, n'kuyamba kuzula umodziumodzi. Mnzanga uja anadzalemba CCNA chaka chotsatira, ndipo lero ndi iye amene ndimamuimbira ndikathedwa nzeru.

Chachitatu ndi CV. Amene amasankha makalata ofunsira ntchito nthawi zambiri si mainjiniya. Apatsidwa mndandanda, ndipo pa mndandandawo palembedwa CCNA. Kalata yopanda zilembo zinayi zimenezo imaikidwa pambali injiniya asanaione n'komwe. Zimandiwawa, chifukwa anthu aluso ambiri amagwera pamenepa, koma ndi mmene zilili.

Nanga maphunziro a sabata imodzi kapena ziwiri amene amalengezedwa pa mtengo wokwera?

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mayeso ndi madola 300, koma maphunziro a masiku asanu m'kalasi akhoza kudya kangapo kuposa pamenepo, ndipo palibe munthu amene amamvetsa OSPF ndi subnetting m'masiku asanu ngati anali asanazionepo. Cisco sikakamiza kuti mulowe kalasi musanalembe CCNA. Mukhoza kuphunzira nokha n'kukalemba.

Zida zophunzirira zaulere zilipo zokwanira. Packet Tracer imapezeka mwaulere kudzera ku Cisco Networking Academy, imene yakhalapo kuyambira 1997, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale. GNS3 ndi EVE-NG zimakulolani kumanga netiweki ya marauta ambiri mkati mwa kompyuta imodzi. Pa YouTube pali maphunziro athunthu a CCNA osalipira. Chimene chimafunika ndi bandulo ya intaneti, magetsi, ndi miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi ya kukhala pansi madzulo aliwonse. Amene amalowa m'makalasi a Networking Academy n'kukhoza bwino amapatsidwanso voucher yochotsera mtengo wa mayeso, choncho ngati koleji yanu ili m'ndondomeko imeneyi, funsani aphunzitsi anu.

Ngati abwana akukulipirirani kalasi, pitani. Koma musagulitse njinga kapena kutenga katapila chifukwa cha kalasi ya sabata imodzi.

Kuntchito kwathu kulibe Cisco. Tili ndi MikroTik ndi Huawei. Ndilembe chiyani?

Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa likuchokera kwa munthu amene wayang'ana m'kabati ya zida asanayang'ane malonda. M'makampani ang'onoang'ono a intaneti, m'masukulu, m'malo ogona alendo ndi m'maofesi a mabungwe, MikroTik ndi Ubiquiti ndi zimene zadzaza, chifukwa mtengo wake ndi wofikirika. Pa makampani akuluakulu a mafoni ndi pa mawaya a fibre, Huawei ili paliponse. Ngakhale fibre ya boma yodutsa m'maboma a dziko lino inamangidwa ndi Huawei. Cisco mumaipeza kwambiri m'mabanki, m'mabungwe a mayiko ndi m'makampani akuluakulu.

MTCNA imasiyana ndi CCNA pa chinthu chimodzi chachikulu: simungangolembetsa mayeso nokha, muyenera kudzera kwa mphunzitsi wovomerezedwa ndi MikroTik, m'kalasi ya masiku ochepa, mayeso n'kubwera kumapeto. Imakuphunzitsani RouterOS, pulogalamu yoyendetsa zida za MikroTik, zinthu zoti mawa lake mukazigwiritsa ntchito: firewall, kugawa bandwidth ndi ma queue, ma tunnel, ma link a wailesi. Koma maziko ake ndi osaya poyerekeza ndi CCNA, ndipo kunja kwa makampani amene amagwiritsa ntchito MikroTik dzina lake silimveka kwambiri. HCIA-Datacom imafanana kwambiri ndi CCNA pa zimene imayesa, ndipo ndi yothandiza ngati mukufuna kulowa kwa makontirakitala a makampani a mafoni.

Juniper musaiiwale. Kudzera ku Juniper Open Learning mumaphunzira JNCIA-Junos mwaulere, ndipo mukakhoza mayeso awo oyeserera amakupatsani voucher yodula mtengo kwambiri. Kwa munthu amene m'thumba mwauma, imeneyi ndi njira yotsika mtengo yopezera satifiketi yodziwika. Juniper inagulidwa ndi kampani ya HPE mu July 2025, koma Junos, pulogalamu yoyendetsa zida zake, ikadali pa marauta a makampani ambiri a intaneti.

Langizo langa: werengani zonse za CCNA ngakhale simulemba mayeso ake, kenako lipirani mayeso a zida zimene manja anu amagwira tsiku ndi tsiku.

CCNP ndi CCIE bwanji?

CCNP ndi yabwino kwa munthu amene wagwira kale ntchito zaka ziwiri kapena zitatu ndipo BGP (njira imene manetiweki osiyana amauzirana njira), kulumikiza OSPF ndi EIGRP, kapena ma VPN a pakati pa nthambi ndi zimene zikumusowetsa tulo. Kwa ameneyo kuwerenga kulikonse kumayankha funso limene ali nalo kale. Koma wongochoka ku koleji amene ali ndi CCNP popanda tsiku limodzi la ntchito amadabwitsa ofunsa mafunso pa intavyu, ndipo amamufunsa mozama kuposa anzake.

CCIE ndi nkhani ina. Inayamba mu 1993, ndipo mpaka lero aliyense wokhoza amapatsidwa nambala yakeyake imene amailemba pambali pa dzina lake. Labu yake ndi ya maola 8: atatu a kukonza mapulani a netiweki, asanu a kuimanga, kuiyendetsa ndi kuikonza. Malo olembera okhazikika ali m'mizinda ngati Brussels, Dubai ndi Bangalore. Choncho pa madola 1,600 aja wonjezerani tikiti ya ndege, visa, malo ogona, ndi kompyuta yamphamvu yoyeserera kwa chaka kapena kuposa. Ambiri sakhoza ulendo woyamba, ndiye zonsezi muziwerengere kawiri. Wonjezeraninso zimene sizilembedwa pa risiti: Loweruka ndi Lamlungu lililonse kwa chaka chathunthu, maliro ndi maukwati amene simudzapitako, ana amene adzagona musanatuluke m'chipinda chowerengera.

Amene ndimawadziwa kuti CCIE inawabwezera ndalama ndi amene amagwira ntchito kwa makampani ogulitsa ndi kuika zida za Cisco, kapena amene anali ndi cholinga chokagwira ntchito kunja. Ngati mukuyang'anira netiweki ya ofesi imodzi ya ma switch khumi, malipiro anu sadzakwera mofanana ndi zimene mwawononga, chifukwa ntchitoyo sikufuna luso limenelo.

N'chifukwa chiyani makampani ena amalipirira antchito awo mayeso mosavuta?

Chifukwa nawonso amapindula. Kuti kampani ikhale pa mlingo wapamwamba wa ubale ndi Cisco, Huawei kapena Fortinet, imayenera kukhala ndi chiwerengero cha antchito a masatifiketi. Kwa zaka zambiri, kampani yofuna kukhala Gold Partner wa Cisco inkayenera kukhala ndi anthu a CCIE osachepera anayi. Mlingo umenewo umaipatsa mitengo yotsika pogula zida. Komanso popikisana kuti apeze kontirakiti, amafunsidwa kuika makope a masatifiketi a mainjiniya awo. Pepala lanulo likuwadyetsa.

Mukadziwa zimenezi mumapempha molimba mtima. Musapite kwa abwana ngati wopempha thandizo la maliro. Auzeni kuti, "Bwana, kontirakiti imene tinaiphonya ija inkafuna anthu awiri a CCNP. Ine ENCOR ndawerenga kale, chatsala ndi ndalama ya mayeso." Kawirikawiri adzakupatsani pepala loti musaine kuti simuchoka kwa chaka kapena ziwiri, apo ayi mubweze ndalamazo. Liwerengeni modekha. Onetsetsani kuti ndalama yobwezayo yalembedwa, ndipo ikuchepa miyezi ikamapita. Kumangidwa zaka zitatu chifukwa cha mayeso a madola 300 n'kudzigulitsa motchipa.

Mnzanga ali ndi ma dumps (mafunso ndi mayankho obedwa), akuti mafunso ake ndi omwewo a m'mayeso. Ndiwatenge?

Ayi. Limenelo ndi likasa basi, kungoti lavala suti. Cisco ndi anzake amaletsa, ndipo akakugwirani amakulandani satifiketi n'kukuletsani kulembanso. Koma ngakhale asakugwireni, mwadzibera nokha.

Ndinakhalapo pa gulu lofunsa mafunso pa intavyu. Panabwera mnyamata wovala bwino, CV yake ili ndi CCNA ndi CCNP. Tinamupatsa laputopu yolumikizidwa ku switch, intaneti isakugwira, n'kumuuza kuti atiuze chavuta. Analemba ipconfig, pa sikirini panatuluka adiresi yoyamba ndi 169.254. Anaiyang'ana nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, kenako anati mwina waya ndi wakufa. Adiresi imeneyo imatanthauza chinthu chimodzi: kompyuta yapempha adiresi kwa DHCP koma palibe wayankha. Aliyense amene anakhalapo pa labu amayamba kufunsa ngati port ili pa VLAN yoyenera. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndinamumvera chisoni, chifukwa ndalama za mayeso atatu analipiradi, mwina makolo ake anagulitsa chimanga. Ntchitoyo anaitenga mtsikana amene analibe satifiketi iliyonse, koma anabwera ndi laputopu yake n'kutionetsa netiweki ya nthambi zitatu imene anamanga mu GNS3, n'kufotokoza chifukwa chake anasankha chilichonse.

Ma dumps awononganso dzina la amene anakhoza moona. Ndi chifukwa chake masiku ano ofunsa mafunso sakhulupirira pepala lokha.

Ndamva kuti satifiketi imatha. N'zoona?

N'zoona. Za Cisco, Juniper, Huawei, MikroTik ndi Network+ zonse zimakhala zaka zitatu. Walira mvula walira matope: mukalowa m'njira imeneyi mudzakhala mukulipira kapena kuwerenga mobwerezabwereza. Ku Cisco mukhoza kuikonzanso polemba mayeso ena a mlingo womwewo kapena wapamwamba, kapena posonkhanitsa mapointi a maphunziro opitiriza: 30 pa CCNA, 80 pa CCNP, 120 pa CCIE. Nthawi ndi nthawi Cisco imatsegula maphunziro aulere opatsa mapointi amenewa, ndipo amene amakhala tcheru amakonzanso CCNA yawo osatulutsa tambala.

Ngati mwagwira ntchito zaka khumi ndipo CCNA yanu inatha, musade nkhawa kwambiri. Lembani pa CV chaka chimene munaipeza ndi chimene inathera. Musaionetse ngati ikugwirabe ntchito, chifukwa olemba ntchito amatha kufufuza.

Digiri kapena satifiketi, chofunika kwambiri n'chiti?

M'boma ndi m'mabungwe a boma, giredi yanu imayendera dipuloma kapena digiri, ndipo CCNP singakukwezeni pa makwerero amenewo. M'makampani a intaneti ndi kwa makontirakitala amayang'ana kwambiri zimene mumatha. Ngati muli pa sukulu, malizani sukulu, CCNA muiwerenge pa holide.

Kodi satifiketi ingandipezetse ntchito kunja?

Ubwino wake ndi wakuti CCNA ya ku Lilongwe ndi yomweyo ya ku Manchester, wolemba ntchito safunika kuifufuza kuti ikufanana ndi chiyani. Koma satifiketi si chilolezo chogwirira ntchito. Ku Britain pamafunika kampani yokulembani ntchito imene ili ndi chilolezo chobweretsa antchito a kunja. Ku South Africa, visa ya maluso osowa imafuna kuti maphunziro anu awunikidwe ndi SAQA, bungwe la kumeneko lowunika maphunziro, ndipo apa ndi pamene digiri imagwira ntchito. Satifiketi imakufikitsani pa intavyu, zaka za ntchito ndi zimene zimakulowetsani.

Ndilembere kunyumba kapena ku malo a mayeso?

Mayeso a Cisco amayendetsedwa ndi Pearson VUE, ndipo mukhoza kulembera kunyumba kudzera pa OnVUE, woyang'anira akukuonani pa kamera. Pamafunika chipinda chotseka, desiki yopanda kanthu, ndipo munthu wina akalowa kapena mawu akamveka, mayeso akhoza kuimitsidwa. CCNA ndi ya mphindi 120. Dzifunseni ngati magetsi ndi intaneti ya kwanu zingakhale maola awiri osaphethira. Ngati mukukayika, kwerani basi mupite ku malo ovomerezeka, ngakhale zitanthauze kugona kwa achibale m'tauni. Kumeneko amakupatsaninso cholembapo, chimene chimathandiza kwambiri pa subnetting.

Poti zonse zikupita ku cloud, kodi manetiweki sakutha ntchito?

Sakutha. Netiweki ya mu cloud ya AWS (ya Amazon) kapena Azure (ya Microsoft) ili ndi ma subnet, ma route table ndi ma VPN, ndipo polumikiza ofesi ndi cloud mudzakumana ndi BGP. Starlink itafika m'dziko muno mu 2023 ena ankati amanetiweki atha ntchito, koma mbale ija ikakhala padenga pamafunikabe munthu wogawa intanetiyo m'nyumba zisanu za sukulu, kulekanitsa netiweki ya ana ndi ya ku ofesi ya akaunti, ndi kuika njira ina yodzera mvula yamphamvu ikagwa. Chimene chasintha ndi chakuti kudziwa Linux, Python pang'ono ndi Ansible kwayamba kulekanitsa anthu pa malipiro, ndipo zimenezi mukhoza kuziphunzira popanda kulipira mayeso alionse.

Ndili ndi ndalama za mayeso amodzi okha. Ndiyambire pati?

Musalipire kaye. Ikani Packet Tracer lero, koperani mndandanda wa mitu ya 200-301 pa tsamba la Cisco, muusindikize n'kuumata pakhoma. Mutu uliwonse mukauwerenga, umangeni mu labu, kenako muuwononge dala: sinthani native VLAN mbali imodzi ya trunk, lakwitsani wildcard mask pa OSPF, ikani access list chadodolido, muone zimene zichitike, mukonze. Subnetting muziichita pamtima m'minibasi mpaka /27 izikuuzani yokha kuti muli maadiresi 32, ogwiritsa ntchito 30. Ngati mungapeze ka MikroTik kogwiritsidwapo kale ntchito, kagulireni, mumange netiweki ya kunyumba kapena ya ku tchalitchi kwanu, ndipo mulembe zimene mwachita kuti mudzazionetse pa intavyu.

Tsiku limene mudzatha kumanga maofesi awiri olumikizana, okhala ndi ma VLAN, OSPF, NAT ndi DHCP, osayang'ana m'kope, ndi pamene mugule voucher. Sankhani tsiku la mayeso masabata atatu kutsogolo, ndipo onetsetsani kuti dzina limene mwalembetsa ku Pearson VUE likufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa chiphaso chanu cha unzika kapena pasipoti, chifukwa likasiyana amakubwezani pakhomo ndalama zitapita kale.